Mawaya anayi a pa chigayo ndi funde la magetsi ku Chitipa

Mukafika pa chigayo chamagetsi pa boma la Chitipa, musanaike thumba lanu pamzere, kwezani maso muwerenge mawaya ochokera pa pholo kulowa m'nyumba ya chigayoyo. Mupeza anayi, kaya otayana kaya opotedwa pamodzi. Nyumba yoyandikana nayo, momwe muli mababu, wailesi ndi filiji, imalandira awiri okha. Eni zigayo amangoti "three phase", ndipo amadziwa kuti popanda iyo mota yaikulu siidzuka. Amalidziwanso tsiku lomwe "fezi imodzi yagwa": mbali ina ya msika mababu akuyaka, mbali ina kuli mdima, mota ukaiyatsa imangong'ung'udza osazungulira. Wosachenjera akaiumiriza, posakhalitsa fungo la mawaya opsa limadzaza m'chigayo monse, ndipo ndalama zomwe zikanagula feteleza zimathera kwa mmisiri wokulunganso mota.

Zonsezi zili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimaphunzitsidwa kwa aliyense wochita zamagetsi ku MUBAS ndi m'makoleji a ntchito zamanja. Amayamba ndi maonekedwe a funde la magetsi, kenako kamuvi kotchedwa phasor. M'mabuku phunziroli limaoneka loopsa chifukwa cha masamu ake. Koma amene amalipira pamene zinthu zapsa si wolemba mabuku. Ndi mwini chigayo ku Kameme, wowotcherera zitsulo ku Nthalire, mayi wa filiji ya mafirizesi pa boma. Nchifukwa chake ndikuona kuti nkhaniyi siyenera kutsekeredwa m'kalasi.

Magetsi opita ndi kubwerera

Magetsi a mu batire kapena a pa sola amayenda njira imodzi basi, kuchoka ku mbali ina kupita ku inzake. Amenewa ndi DC. A ESCOM ndi AC: amakankha kupita kutsogolo, kenako nkubwerera, mosalekeza. Izi zimachokera m'mene amapangidwira. Mu 1831 Michael Faraday wa ku England adapeza kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, mu wayamo mumabadwa magetsi. Makina onse a EGENCO oyendera madzi amatsata zomwezi. Pa siteshoni ya Wovwe m'boma la Karonga, yomwe idatsegulidwa mu 1995 ndipo imapanga mamegawati pafupifupi 4.5, madzi otsika kuchokera ku mapiri a Nyika amazunguza chitsulo chonyamula maginito, ndipo mozungulira chitsulocho muli makoyilo a mkuwa omwe sayenda.

Tsatani nsonga imodzi ya maginitowo. Ikamayandikira koyilo, mphamvu yokankha magetsi imakwera pang'onopang'ono. Ikafika pafupi penipeni, mphamvuyo ili pachimake. Ikamapitirira, mphamvu imatsika mpaka kufika pa ziro. Apo nsonga inayo ya maginito imakhala ikubwera, ndipo zonse zimachitikanso, koma tsopano kukankhako nkobwerera m'mbuyo. Mukajambula zimenezi papepala, nthawi ikuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, mumapeza mzere wokwera ndi kutsika mosalala, wopanda ngodya. A masamu amautcha sine. Ndilo funde la magetsi.

M'Malawi funde limeneli limatha ulendo wathunthu, kukwera, kutsika ndi kubwerera poyambira, maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Ndi zomwe zimatanthauza "50 Hz" yolembedwa kuseri kwa ayironi kapena pa chaja ya foni, ndipo zilembozo nzokumbukira Heinrich Hertz wa ku Germany. Pa ulendo uliwonse mphamvu imadutsa pa ziro kawiri. Choncho babu limachepa kuwala maulendo 100 pa sekondi, kungoti diso silitha kutsata liwiro lotero. Khutu ndiye limamva: kung'ung'udza kwa thiransifoma ya pa pholo nchitsulo chake chamkati chikunjenjemera maulendo 100 pa sekondi. Ndipo tizinthu tonyamula magetsi mu waya sitiyenda ulendo kuchokera ku Nkula kufika ku Chitipa ayi. Timangogwedezeka pamalo pomwepo, kamtunda kosaoneka ndi maso. Chomwe chimayenda ulendo wautaliwo ndi kukankhako.

Nanga ngati mphamvu ikusinthasintha chotere, mavolti 230 omwe timamva aja ndi a nthawi iti? Pachimake pa funde pamakhala mavolti pafupifupi 325. Pa ziro palibe kanthu. Nambala ya 230 imayankha funso lakuti: ndi magetsi a DC angati omwe angatenthetse ketulo mofanana ndi funde limeneli? Akatswiri amaitcha RMS, ndipo pa funde losalala imapezeka pogawa chimake ndi 1.414. Kachipangizo koyezera ka mmisiri kamaonetsa 230, koma pulasitiki yokuta waya imalimbana ndi 325, maulendo 100 pa sekondi. Waya wotchipa wa chikuto chopyapyala amagonja pamenepo.

Chitipa ili kumapeto kwa nthambo. Magetsi ochuluka a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makilomita oposa 600 kuchokera ku Chitipa. Waya aliyense amatentha magetsi akamadutsamo, ndipo kutenthako ndi mphamvu yotayika panjira. Mukachulukitsa mavolti ka 10, maampu ofunika kunyamula mphamvu yomweyo amachepa ka 10, ndipo zotayika zimachepa ka 100. Nchifukwa chake ESCOM imanyamula magetsi pa mavolti 400,000, 132,000 ndi 66,000, nkuwagawa m'maboma pa 33,000 ndi 11,000, kenako nkuwatsitsa pa thiransifoma ya m'mudzi. Thiransifoma imagwira ntchito pokhapokha magetsi akamasinthasintha. Mukaipatsa DC imangotentha. Siteshoni ya DC yomwe Thomas Edison adatsegula ku New York mu 1882 inkangofikira nyumba za pafupi nayo. Mu 1891 ku Germany adatumiza magetsi a three phase kuchokera ku Lauffen kufika ku Frankfurt, makilomita 175, ndipo kuyambira pamenepo njira idadziwika. Pakadapanda funde, Chitipa sikadaona magetsi a pa Shire.

Muvi wozungulira

Vuto la mafunde ndi kuwaphatikiza. Mafunde awiri akhoza kukhala a msinkhu umodzi ndi liwiro limodzi, koma lina nkumafika pachimake linzake litadutsa kale. Kusiyana kwa nthawi kumeneku ndiko kumatchedwa phase, fezi ija ya pa chigayo. Kuphatikiza mafunde otere kamphindi ndi kamphindi ndi ntchito yotopetsa, ndipo m'zaka zoyambirira za AC mainjiniya ambiri ankalephera kuwerengeratu zomwe makina awo adzachite.

Amene adafewetsa ntchitoyi ndi Charles Proteus Steinmetz, wobadwira ku Breslau mu 1865, yemwe adasamukira ku America ndipo adagwira ntchito ku kampani ya General Electric. Mu 1893, pa msonkhano wa akatswiri a zamagetsi ku Chicago, adaonetsa njira yosandutsa masamu ovutawo kukhala kuphatikiza ndi kuchulukitsa wamba. Maganizo ake mukhoza kuwayesa nokha ndi pensulo. Jambulani bwalo, ndipo kuchokera pakati pake jambulani muvi wofika m'mphepete. Yerekezani kuti muviwo ukuzungulira, monga amachitira maginito a ku Wovwe. Musayang'ane muvi wonse, yang'anani kutalika kwa nsonga yake kuchokera pa mzere wopingasa wodutsa pakati. Nsongayo imakwera, kufika pamwamba, kutsika, kudutsa pakati, kufika pansi, nkukweranso. Mukalemba kutalikako motsata nthawi, funde lija latuluka.

Tsono nzeru yake ili apa. Pa nthambo imodzi mafunde onse amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti mivi yonse imazungulira pa liwiro limodzi, ndipo mpata wa pakati pawo susintha. Palibenso chifukwa choitsatira ikuzungulira. Mukhoza kuiimitsa nkuijambula kamodzi. Muvi uliwonse umatsala ndi zinthu ziwiri zokha: kutalika kwake, komwe ndi kukula kwa mavolti kapena maampu, ndi kumene waloza, komwe kumasonyeza kuti watsogola kapena watsalira ndi madigiri angati. Muvi woimitsidwawo ndiye phasor. Pophatikiza mafunde awiri, mumaika tsinde la muvi wachiwiri pa nsonga ya woyamba, nkuyeza kuchokera poyambira kufika pothera. Mwana wa sekondale wokhala ndi rula ndi choyezera ngodya akhoza kuchita.

Atatu pa mtondo umodzi

Amene adakulira kumudzi adaonapo amayi atatu akusinja pa mtondo umodzi. Musi wina ukutsika, wina uli m'mwamba, wachitatu ukukwera. Misi siigundana, ndipo mtondo sukhala nthawi osamenyedwa. Three phase ndi chimodzimodzi. Mu jenereta muli magulu atatu a makoyilo oikidwa motalikirana madigiri 120, choncho mafunde atatu amatuluka motsatizana. Papepala ndi mivi itatu yofanana kutalika, yoloza mbali zitatu. Mawaya atatu a pa chigayo amanyamula mafunde atatuwo, ndipo wachinayi ndi neutral.

Mukayeza pakati pa fezi imodzi ndi neutral mupeza 230. Mukayeza pakati pa mafezi awiri, mwina mungayembekezere 460, koma kachipangizo kamaonetsa 400. Mafunde awiriwo safika pachimake nthawi imodzi. Jambulani mivi iwiri ya masentimita 23 yotalikirana madigiri 120, muyeze pakati pa nsonga zake: mupeza masentimita pafupifupi 40. Ndipo mukalumikiza mivi itatu yofanana, tsinde pa nsonga, yachitatu imathera pomwe yoyamba idayambira. Kutanthauza kuti mafezi atatu akanyamula katundu wofanana, mu neutral simudutsa kanthu.

Mu mota, mafunde atatuwa amapanga mphamvu ya maginito yomwe imazungulira yokha popanda chitsulo choyenda, ndipo chapakati cha mota chimaithamangitsa. Nikola Tesla adalembetsa mota yotere mu 1888. Mota ya nsonga zinayi za maginito pa 50 Hz imathamangitsa mphamvu yozungulira maulendo 1,500 pa mphindi, koma siipeza, nchifukwa chake pa kachitsulo kake amalemba 1,450 kapena kuyandikira apo. Mmisiri akasinthanitsa mawaya awiri pokonza, dongosolo la mivi limatembenuka ndipo chigayo chimazungulira chobwerera. Mankhwala ake nkubwezera mawaya awiriwo basi. Fezi imodzi ikagwa, mphamvu yozungulira ija imasanduka yongogwedezeka pamalo. Mota yoima siidzuka. Yomwe inali kale paliwiro imapitirira, koma mawaya awiri otsalawo amasenza katundu wa atatu mpaka kupsa. Pali kachipangizo kotchedwa phase failure relay komwe kamazimitsa mota fezi ikangosowa. Mtengo wake sufika pa wokulunganso mota, ndipo ine ndimaona kuti chigayo chilichonse cha kumapeto kwa nthambo chiyenera kukhala nako.

Choopsa kwambiri kwa mabanja ndi kuduka kwa neutral. Nyumba za pa thiransifoma imodzi zimagawidwa m'mafezi atatu, ndipo katundu wake safanana: uku akuphika, uko angoyatsa babu. Neutral ndiye amagwira pakati pa mivi itatu kuti aliyense alandire 230. Akaduka, kaya ndi mtengo wogwa kaya ndi akuba mkuwa pa thiransifoma, pakatipo pamasuntha. Nyumba za fezi yolemedwa zimalandira mavolti ochepa, za fezi yopepuka zimalandira ochuluka, nthawi zina kuyandikira 400. Mukaona mababu anu awala modabwitsa pamene a mnansi wanu akufiira, thamangirani ku switchi yaikulu musanayambe kufunsana. Wakuba waya wa pa thiransifoma amapeza ndalama zochepa, koma amaotcha mafiliji ndi ma TV a mudzi wonse.

Jenereta ya 20 yomwe imapereka 16

Magetsi akamavutavuta ambiri amagula jenereta, ndipo apa mpomwe muvi umapulumutsa ndalama. Mu ketulo kapena ayironi, maampu amakwera ndi kutsika limodzi ndi mavolti, mivi iwiriyo imaloza kumodzi. Mota ndi makina owotcherera ali ndi makoyilo, ndipo koyilo imakaniza kusintha kwa magetsi, choncho maampu amatsalira m'mbuyo. Muvi wa maampu umapendekera. Gawo lake loloza kumodzi ndi mavolti ndilo limagaya chimanga. Gawo lopingasa limangopita ku mota kukamanga maginito nkubwereranso, osagwira ntchito, komabe likutenthetsa mawaya ndi kudzaza thiransifoma.

Nchifukwa chake jenereta zikuluzikulu zimalembedwa kVA, osati kW. Nthawi zambiri pambali pake pamalembedwa 0.8, yomwe ndi power factor. Jenereta ya 20 kVA pa 0.8 imapereka makilowati 16 a ntchito yeniyeni, pamene gawo lopingasa lija ndi 12. Simuphatikiza 16 ndi 12 kuti mupeze 28, chifukwa mivi iwiriyo yakumana mopingasana. Mukaijambula, mzere wotseka mbali yachitatu umakwana 20, ndipo maampu amakhala atatsalira ndi madigiri pafupifupi 37. Onjezani kuti mota ikamadzuka imakoka maampu ochuluka ka 5 mpaka ka 7 kuposa ikakhala paliwiro. Munthu wogula jenereta ya 15 kVA kuti iyendetse mota ya 15 kW wagula chinthu chomwe chizizima nthawi iliyonse akayatsa chigayo. Palinso zipangizo zotchedwa makapasita. Iwo amachita zosiyana ndi koyilo, amatsogoza maampu, ndipo mafakitale amawaika pafupi ndi mamota kuti muvi uwongoke. Pa nthambo yaitali ngati yofika ku Chitipa, maampu osagwira ntchitowa amathandizira kugwetsa mavolti, makamaka madzulo pamene aliyense wayatsa.

Za sola ndingonenapo pang'ono. Inveta imasandutsa DC ya mu batire kukhala AC, koma zotchipa zambiri zimatulutsa funde la masitepe, la ngodya zakuthwa. Foni imachajidwa bwinobwino, koma mota ya filiji imalira ndi kutentha. Pogula funsani ngati palembedwa "pure sine wave".

Funde likalowa m'thupi

Minofu yathu, kuphatikizapo mtima, imayendera timagetsi tating'onoting'ono tochokera m'thupi momwemo. Magetsi a 50 Hz amalamula minofu kukungika mobwerezabwereza, mofulumira kwambiri moti siipeza mpata womasuka. Gawo limodzi mwa magawo 1,000 a ampu limatchedwa milliamp. Pa milliamp imodzi munthu amamva kunyerenyetsa. Pakati pa 10 ndi 20 dzanja limafumbata waya, ndipo munthu sangathe kuusiya ngakhale akufuna, chifukwa minofu yofumbata ndi yamphamvu kuposa yotambasula. Anthu amati "magetsi amugwira", ndipo akunena zoona. Kuyambira cha m'ma 50 kupita m'mwamba, magetsi odutsa pachifuwa akhoza kusokoneza kugunda kwa mtima, nkuyamba kungonjenjemera osapopa magazi. Thupi lonyowa, la munthu wosavala nsapato pa simenti yonyowa, likhoza kudutsitsa oposa 200 pa mavolti 230. Fyuzi ya 13 A ya mu pulagi siimva kanthu pamenepo, chifukwa ntchito yake nkuteteza waya. Choteteza munthu ndi switchi ya earth leakage ya 30 mA, yomwe imayerekeza maampu opita ndi obwerera, nkuzima zikangosiyana.

Wina akagwidwa ndi shoko m'nyumba, musamugwire ndi manja. Zimitsani pa switchi yaikulu, kapena mukankheni ndi thabwa louma mutaima pouma. Ngati sakupuma, yambani kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akufunafuna galimoto. Ngakhale adzuke nkumati ali bwino, apite kuchipatala, chifukwa magetsi amaotcha mkati ndipo mtima ukhoza kusokonekera pambuyo pake. Koma waya wa pa mapholo aatali ukagwa pansi, thabwa silithandiza. Nthaka yozungulira imakhala ndi magetsi. Talikirani, letsani ana ndi ziweto, imbirani a ESCOM.

Dziko lonse pa liwiro limodzi

Makina a ku Wovwe akalumikizidwa ku nthambo ya dziko, amayenera kuzungulira mogwirizana ndi a ku Nkula. Asanatseke switchi yolumikiza, woyendetsa siteshoni amaonetsetsa kuti mavolti afanana, liwiro lafanana, dongosolo la mafezi ndi limodzi, ndipo mivi ya mbali ziwirizo yaloza kumodzi. Pali chipangizo chokhala ndi singano yozungulira, synchroscope, chomwe chimaonetsa mpata wa pakati pa mivi iwiriyo. Singano ikamayenda pang'onopang'ono nkufika pamwamba, ndiye nthawi yake. Akatseka mivi italoza kosiyana, maampu ochuluka zedi amadutsa mwadzidzidzi ndipo makina akhoza kuthyoka. Ndi chifukwa chomwecho jenereta ya pakhomo siyenera kulumikizidwa ku mawaya a nyumba popanda changeover switch. Kuwonjezera pa kupsa magetsi akabwera, imabweza magetsi ku thiransifoma, yomwe imawakweza kufika pa mavolti masauzande, nkupha mmisiri yemwe wakwera pholo akudziwa kuti nthambo yazimitsidwa.

Anthu akayatsa zinthu zambiri kuposa zomwe makina akupanga, makina onse m'dziko amalemedwa nkuyamba kuchepa liwiro, ndipo 50 Hz imatsika. Ikatsika kwambiri makina amadzizimitsa okha podziteteza, dziko lonse nkuda. Kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana m'madera ndi njira yopewera zimenezo. Mu January 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo Chitipa idakhala mumdima maola ambiri chifukwa cha madzi osefukira kutali ku Chikwawa.

Mozambique, Zambia ndi Tanzania nawo amayendera 50 Hz, ndiye nkotheka kulumikizana nawo. Nthambo ya mavolti 400,000 ya pakati pa Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka cholinga chake nchimenecho, kuti mivi ya Malawi izizungulira limodzi ndi ya maiko a kummwera kwa Africa, ndipo makina amodzi akagwa, ena ambiri azigwiriziza liwiro. Kumpoto kuno, Malawi ndi Tanzania akhala akukonza zomanga damu pa mtsinje wa Songwe, womwe ndi malire a maiko awiriwa, loti lizipanga mamegawati 180 ogawana pakati. Gawo la Malawi lokha lingapose la Wovwe pafupifupi ka 20. Likadzamangidwa, magetsi a chigawo cha kumpoto azidzachokera pafupi, ndipo mavolti ofika ku Misuku, Wenya ndi Chisenga sadzakhalanso otsala a ulendo wochokera ku Shire.